Pa chiliza cha agogo tilembe Yehova kapena Chauta, Yakobo kapena James?

Mdzukulu wa ku Chisitu
Abale anga pa gulu lino, ndithandizeni nzeru. Agogo aamuna anatisiya chaka chatha, ndipo tapangana kuti chiliza timange mvula isanagwe. Simenti ndi mchenga zilipo kale, wozokota mwala akungodikira mawu, koma pa mawupo m'pamene banja lagawikana.

Nkhani yoyamba ndi ya vesi. Agogo anali mkulu wa mpingo zaka zambiri, ndipo Salmo 23 ankalinena pamtima ngakhale m'masiku omwe ankadwala: "Yehova ndiye mbusa wanga, sindidzasowa." Tsiku la maliro mlaliki anawerenga m'Buku Loyera, pamene pamati "Chauta ndiye mbusa wanga." Agogo aakazi sanayankhule kanthu pagulu, koma usiku anandiitanira m'nyumba nati, "Iwe, salmo lija si la mwamuna wanga." Tsopano achemwali anga, amene apereka ndalama zambiri za chilizachi, akufuna Chauta, akuti ndicho Chichewa chimene ana athu adzamve. Agogo akuti Yehova.

Yachiwiri ndi ya dzina. M'kaundula wa ubatizo analembedwa Yakobo. Kuesiteti ya tiyi komwe anagwira ukapitawo ankatchedwa James, ndipo pa chitupa palinso James. Amalume akuti tilembe James chifukwa Yakobo ndi Jacob, munthu wina. Kodi zimenezi n'zoona?

Nanazi wa Limbuli
Pepani ndi zovutazo achimwene. Lembani zimene akufuna agogo aakazi. Amene azikasesa pamandapo ndi iwowo.

Wakabaza pa Chitakale
Amalume anuwo akunena zoona. Jacob ndi uja wa mu Genesis anatenga madalitso a mkulu wake Esau, James ndi wophunzira wa Yesu. Anthu awiri amenewo.

Mphunzitsi Wopuma
Achimwene a kabaza, anthu ndi awiri inde, koma dzina ndi limodzi. Tengani Baibulo la Chichewa, mutsegule pamene pathera Ahebri. Kalata yotsatirayo, imene pa Chingerezi amati James, ife timati Yakobo. Pitaninso pa Marko 1, pomwe Yesu akuitana ana a Zebedayo ali m'ngalawa akusoka makoka: ndi Yakobo ndi Yohane. M'Chigriki, chomwe analembera Chipangano Chatsopano, dzinalo ndi Iakobos, ndipo ndi lomwe lija la kholo Yakobo mwana wa Isake. Linasintha poyenda m'Chilatini ndi m'zinenero za ku Ulaya mpaka linakafika pa James. Omasulira athu sanatsate njira yokhotayo, anatenga dzinalo pa gwero. Choncho kalaliki wa kuesiteti amene analemba James sanalakwe, ndiponso amene anabatiza Yakobo sanalakwe.

Wakabaza pa Chitakale
Ndatseguladi, ndaona ndi maso anga. Zikomo aphunzitsi.

Mayi wa Mvano
Ine za dzinalo ndilibe nazo mawu, koma za Chauta ayi ndithu. Chauta ndi dzina limene makolo ankatchula pothira nsembe za mvula. Tingalitenge bwanji n'kuliika pa manda a mkulu wa mpingo? Ine ku Mvano ndikapatsidwa mawu ndimanyamula Buku Lopatulika, ndipo ndidzafa nalo.

Katekisiti wa ku Thyolo
Mayi, ndikumva kuwawa kwanu, koma tiyeni tiganize pamodzi. Liwu loti Mulungu silinabwere ndi azungu, analipeza kuno. Loti Mzimu analipezanso kuno, likunena mizimu ya makolo, koma lero tonse timati Mzimu Woyera popanda kudodoma. Nsembe, wansembe, zonsezi ndi zathu zakale. Ndipo Buku Lopatulika lomwelo nyumba imene anamanga Solomo limaitcha Kachisi, liwu lomwe makolo ankatchulira kanyumba kothirako nsembe. Ngati Kachisi analowa m'Baibulo n'kuyeretsedwa, Chauta walakwa chiyani?

Buku Loyera silinalembedwe ndi anthu osapemphera. Linatuluka mu 1998 pansi pa Bible Society, Akatolika ndi mipingo ina atagwirira ntchito limodzi. Ife Akatolika tisanalilandire tinkawerenga Malembo Oyera, Baibulo limene anamasulira bambo Louis Villy, wansembe wa ku France, ndipo linatuluka mu 1966. Ifenso tinasiya mawu amene tinawazolowera kuti pa maliro ngati amenewa tizitha kuwerenga buku limodzi.

Mayi wa Mvano
Akatekisiti, kachisi ndi nyumba. Yehova ndi dzina limene mwini wake anadzitchula yekha kwa Mose pa chitsamba choyaka moto. Dzina la munthu sasintha, nanji la Mulungu?

Mphunzitsi Wopuma
Mayi, mfundo yanuyi ndi yolemera, ndipo ngakhale akatswiri a Baibulo amatsutsana pomwepa. Koma pali chimene tiyenera kudziwa. M'Chihebri dzinalo linalembedwa ndi malemba anayi okha, YHWH, opanda mavawelo. Ayuda analiopa kwambiri moti anasiya kulitchula. Akafika pamenepo powerenga ankati Adonai, ndiye kuti Ambuye. Katchulidwe koti Yehova kanabadwa pamene anthu anaphatikiza malemba anayi aja ndi mavawelo a Adonai. Akatswiri ambiri amati poyamba ankatchula Yahweh. Olemba Chipangano Chatsopano pobwereza mavesi akale analemba Kyrios, Ambuye. Ndiye omasulira aliyense amafika pa mphambano: atenge katchulidwe kachilendo, aike Ambuye, kapena afune dzina limene anthu a m'dzikomo amadziwa kale kuti ndi la Mlengi yekha. A Buku Lopatulika anasankha njira yoyamba, a Buku Loyera yachitatu.

Ine mwini ndimakonda Yehova, chifukwa ndimamva kulumikizana kwake ndi Aleluya ndi Eliya ndi Yesaya, maina amene anyamula chidutswa cha dzina lomwelo. Koma wowerenga Chauta sindingamutche wosochera.

Sapitwa77
Vuto langa ndi lina. Chauta ndi Chichewa cha chigawo chapakati. Agogo anga kuno ankati Namalenga kapena Mphambe. Buku Loyera lonse ndi "adati", "adapita", pomwe ife kuno timati "anati", "anapita". Ndikamaliwerenga ndimamva ngati akundilalikira munthu wa ku Dowa.

Mwana wa Abusa
Koma a Sapitwa, Buku Lopatulika mukulikondalo analimasulira ku Dowa komweko!

Sapitwa77
Si ku Blantyre Mission?

Mphunzitsi Wopuma
Mwana wa Abusa wanena zoona, ngakhale Blantyre ili ndi gawo lake lalikulu. Poyamba mishoni iliyonse inkamasulira payokha. Robert Laws wa ku Livingstonia anali ndi Chinyanja chake. Ku Blantyre kunali David Clement Scott, amene anatsogolera mishoni kuyambira 1881, yemwe uja anamanga tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinatha mu 1891. Iyeyu anachikonda Chimang'anja kwambiri moti mu 1892 anatulutsa dikishonale yaikulu, yofotokoza mawu pamodzi ndi miyambo ya eni ake. Koma zinaoneka kuti mkhristu wochoka kumwera kupita chigawo chapakati azipeza Baibulo lina, ndiye mu 1900 amishoni anagwirizana kupanga limodzi loti lizimveka konse. Alexander Hetherwick wa ku Blantyre anali mmodzi wa atsogoleri ake, koma katundu wolemera anasenza ndi William Murray wa mishoni ya Dutch, ku Mvera m'boma la Dowa ndipo kenaka ku Nkhoma. Baibulo lathunthu linatuluka mu 1922. Werengani nokha zakazo, ndi zoposa makumi awiri.

N'chifukwa chake Chichewa cha m'bukumo sichili cha mudzi umodzi. Ndipo mukaona mavesi ambiri akuyamba ndi "Ndipo", dziwani kuti ankatsata kwambiri mayalidwe a Chihebri ndi Chigriki. Kwa mwana wa lero zina n'zolimba, monga m'makalata a Paulo momwe chiganizo chimodzi chimatha mavesi angapo. Koma ife amene tinakula nalo, likamawerengedwa mokweza timamva kuti talowa m'tchalitchi.

Chimene chimandiwawa n'chakuti timaloweza maina a azunguwo n'kuiwala athu. Murray sakanadziwa kuti liwu ili likukoma kapena likunyansa popanda aphunzitsi ndi alaliki achikuda amene ankakhala naye pa tebulo tsiku ndi tsiku. Ku Blantyre makina osindikizira mabuku ankayendetsa Mungo Murray Chisuse. Mu 1911 Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha anadzozedwa kukhala abusa oyamba achikuda a mishoniyo, ndipo Matecheta mu 1951 anatulutsa buku lake la mbiri ya chiyambi cha Blantyre Mission m'Chinyanja. Ndi angati pa gulu lino anaphunzirapo za iye kusukulu?

Mwana wa Abusa
Ine ndinangomva kwa bambo anga. Ndipo taonani mainawo: Harry, Mungo. Mulibe m'Baibulo amenewo, ndi a ku Ulaya. Mungo ndi woyera mtima wa mzinda wa Glasgow. Ndiye amene amati dzina lachikhristu ndi lachizungu aone bwino.

Mlomwe wa ku Muloza
Mwalankhula za Amang'anja ndi Achewa, koma malemuwa ndi a ku Chisitu, ndipo anagwira ntchito mu tiyi. Mdzukulu, agogo anuwo sanali Alomwe? Ngati anali, popemphera okha usiku ankati chiyani? Anga ankawerenga Chinyanja m'tchalitchi, koma mwana akadwala pakati pa usiku ankaitana Muluku.

Ifenso tili ndi munthu wathu amene sayenera kuiwalika, Lewis Mataka Bandawe. Anabadwira ku Mozambique, anaphunzira ku Blantyre Mission, kenaka anabwerera kukagwira ntchito pa mishoni ya Mihecani pakati pa abale ake, ndipo anagwira ntchito yaikulu yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Iye yemweyo anamenya nkhondo kuti boma la atsamunda lisiye kutitchula dzina lonyoza lija loti Anguru, lizititchula Alomwe. Munthu ameneyu ankadziwa kuti dzina limene ena akupatsa likhoza kukupweteka moyo wonse. Makolo athu ambiri anawoloka malire kuthawa nkhanza za Apwitikizi, anafikira pa thangata m'maesiteti, ndipo kalaliki akalephera kulemba dzina lawo ankangowapatsa lina. Ana awo anachita manyazi ndi chinenero, n'chifukwa chake lero ambirife Chilomwe timangochimva. Pamene Baibulo lathunthu la Chilomwe cha kuno linatuluka mu 2019 ndinagula, ndipo ndimawerenga pang'onopang'ono ngati mwana wa sitandade 2, mayi anga akundikonza katchulidwe.

Ndiye funso langa ndi ili: agogo anuwo asanabatizidwe, amayi awo ankawaitana ndani?

Mdzukulu wa ku Chisitu
Achimwene a ku Muloza, mwandigwira pamtima. Anali Alomwe ndithu, ndipo dzina lakumudzi linalipo. Sindilitchula pano, koma ankawaitana nalo ndi alongo awo okha, amenenso anamwalira. Pa zokambirana zathu zonse palibe ndi mmodzi yemwe amene analikumbukira.

Sapitwa77
Dzina lakumudzi pa chiliza chokhala ndi mtanda? Ena aona zachilendo.

Mlomwe wa ku Muloza
Chachilendo n'chiyani? Paulo analinso Saulo, Petro analinso Simoni, ndipo Baibulo linasunga onse awiri.

Mnyamata wa Makwasa
Ndiponyepo za kwathu ku Thyolo, poti mwatchula amishoni. Anthu ambiri amaganiza kuti onse anali azungu. Malamulo inayamba mu 1902, pamene a Seventh-day Adventist anagula malo amene Joseph Booth anayambitsapo mishoni yotchedwa Plainfield. Amene anatumidwa kudzayendetsa ntchitoyo anali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, pamodzi ndi banja lake, ndipo mwana wake wamkazi Mabel ankaphunzitsa sukulu. Dzina loti Plainfield ndi la tauni ya ku America, kuno silinkatanthauza kanthu. Mu 1907 analisintha kukhala Malamulo, kunena malamulo khumi a Mulungu, ndipo ndi limene linamera mizu. Funsani wakabaza aliyense pa Makwasa za Plainfield, akuyang'anani. Ine phunziro langa ndi lakuti dzina limene anthu amalimva ndilo limakhala.

Mayi wa Mvano
Ndiye mukuvomerezana ndi ine mwana wanga, chifukwa agogowo limene amamva ndi Yehova.

Mnyamata wa Makwasa
Pa chiliza chimenechi inde mayi. Ifenso ku Sabata ambiri timawerenga Buku Lopatulika. Koma mng'ono wanga kalata ya Aroma anayamba kuimva atawerenga Baibulo la Chichewa chalero, zimenezonso ndisabise.

Make Alinafe
Pepani ndipatuke pang'ono, nkhani ya mainayi yanditosa pachilonda. Pamene ndinkabatizitsa mwana wanga woyamba, mtsogoleri wina anandibweza kuti ndikapeze dzina la m'Baibulo, akuti Alinafe ndi lakumudzi. Ndinalira njira yonse. Mwanayu ndinabereka movutikira, madokotala atataya mtima, ndipo dzinalo linali umboni wanga. Amene ananditonthoza ndi agogo ena a mu mpingo momwemo. Ananditsegulira Mateyu 1:23, pomwe mwana akutchedwa Imanueli, ndipo vesi lomwelo likumasulira kuti Mulungu ali nafe. Anati, "Mwana wanga, bwerera ukawauze kuti dzinali lili m'Baibulo, kungoti lavala Chichewa." Ndinabwerera, anabatizidwa Alinafe.

Katekisiti wa ku Thyolo
Agogo amenewo anali mphunzitsi weniweni. Ahebri ankatcha maina monga momwe timatchira ife, potengera zimene zagwa pakhomo. Isake ndi kuseka, ife tikanati Sekani. Hana ndi Chisomo. Natanayeli ndiye kuti Mulungu wapatsa, Mphatso ameneyo. Yosefe anatcha mwana wake Manase poti Mulungu anamuiwalitsa mavuto ake, si Iwalani uyo? Naomi atataya mwamuna ndi ana anauza amayi a ku Betelehemu kuti azimutcha Mara, kuwawa. Rakele akutsirizika anatcha mwana Benoni, mwana wa chisoni changa, koma bambo ake anasintha kuti Benjamini. Nkhani ngati imeneyo tonse tinaionapo pamudzi, mayi akuti Mavuto, bambo akuti Madalitso.

Nanazi wa Limbuli
Nanga Dorika?

Katekisiti wa ku Thyolo
Mbawala. Pa Machitidwe 9 akutchedwa Tabita m'Chiaramu ndi Dorika m'Chigriki, tanthauzo limodzi. Tomasi ndiye kuti wamapasa.

Wakabaza pa Chitakale
Mdzukulu, chenjerani ndi ozokota miyala. Ife pa chiliza cha bambo anasiya chilembo chimodzi pa dzina, ndipo anakana kukonza mpaka titawonjezera ndalama. Mulembereni pa pepala ndi malemba akuluakulu, musunge pepala lina, ndipo akalemba ndi choko pa mwala mukaone asanayambe kugoba.

Nanazi wa Limbuli
Komanso ambiri amawerengera mtengo pa chilembo. Maina atatu ndi vesi, konzekani.

Sapitwa77
Yehova ndi Chauta onse ndi malemba asanu ndi limodzi, pamenepo mtengo susintha.

Mwana wa Abusa
Tibwerere pa funso. Bambo anga atumikira m'midzi ya kuno zaka zambiri, njinga ndi Baibulo m'chikwama, ndipo aika maliro osawerengeka. Ndawawerengera zokambiranazi. Akuti iwo asanakalalikire pa maliro a munthu wamkulu amayamba apempha Baibulo la malemuyo, aone pamene pada ndi chala. Akuti mlaliki wa tsiku lija sanachimwe, koma akanafunsa. Achemwali anu nawonso asaoneke ngati olakwa, nkhawa yawo ya ana ndi yoona. Komabe chiliza si sukulu ya Sande. Ana mudzawagulira Baibulo limene angamve, koma mwalawo ukunena za munthu mmodzi, ndipo munthuyo anali ndi mawu ake. Kodi Baibulo la agogo lilipo?

Mayi wa Mvano
Abusawo anena bwino. Ndipo akatekisiti, za Kachisi zija ndagona nazo. Sindinasinthe maganizo, koma sindidzanenanso kuti owerenga Chauta akupembedza mizimu.

Katekisiti wa ku Thyolo
Zikomo mayi. Inenso pa chiliza ichi ndikanalemba Yehova.

Mdzukulu wa ku Chisitu
Ndabwerako kumudzi dzulo madzulo. Ndinapempha Baibulo lija, agogo anakalitulutsa m'sutukesi, atalikulunga m'kansalu. Chikuto chinatha kalekale, analisoka okha ndi ulusi wa thumba la feteleza. Ndi la kalembedwe kakale, kopanda h: Macitidwe, Cibvumbulutso, cifukwa. Nditangoliika pa mwendo linatseguka lokha pa Masalmo, ndipo pangodya ya tsamba la Salmo 23 pepala lada bii, lafewa ngati nsalu. Ndinajambula n'kutumizira achemwali pa WhatsApp. Anandiimbira akulira, akuti ndi chala chomwe chija ankatilozera nacho malemba potiphunzitsa kuwerenga pakhonde.

Pa tsamba loyamba analembapo ndi dzanja lawo masiku obadwa a ana onse asanu ndi awiri, awiri amene anamwalira ali aang'ono ali ndi kamtanda pambali. Pamwamba penipeni pali Yakobo, kenaka dzina lija lakumudzi. James ndinamupeza pa kalata yopumira ntchito ya kuesiteti, yopindidwa pakati pa Malaki ndi Mateyu. Nditawerenga dzina lakumudzilo mokweza, agogo anagwira pakamwa, anati papita zaka zambiri asanalimve likutchulidwa m'nyumbamo.

Amalume ndinawaonetsa kalata ya Yakobo monga munanenera aphunzitsi. Anavomera, koma apempha kuti James akhalepobe chifukwa anzawo a kuntchito ndi limene amadziwa, ndipo pena adzafuna kuona pamene pagona kapitawo wawo. Agogo alola. Ndiye pakhala maina atatu, Yakobo patsogolo, ndipo pansi pake "Yehova ndiye mbusa wanga." Achemwali apempha kuti tsiku la mwambo mwana wawo wamkazi adzawerenge salmo lonse m'Buku Loyera, agogo akamaliza kulinena pamtima m'mawu akale. Agogo anayamba akhala chete, kenaka anati mwanayo adzabwere Loweruka adzawawerengere kaye, amve.

Mlomwe wa ku Muloza
Dzina lakumudzilo mufunse wamkulu wodziwa Chilomwe kalembedwe kake musanapereke kwa wozokota. Pali malemba ena amene Chichewa chimawameza.

Mdzukulu wa ku Chisitu
Ndikopera momwe analembera okha m'Baibulomo, chilembo ndi chilembo. Pepala ndikapereka Lolemba, ndipo achimwene a kabaza, za choko zija ndakumbukira.